Lipoti la mwana wa Sitandade 2 yemwe ankaimba maphatikizo koma osawerenga

Lipotili likunena za mtsikana wa zaka 8, wa Sitandade 2. Dzina lake ndi la sukulu yake sizitchulidwa. Aphunzitsi ake anamutumiza ku gulu la ana ofunika thandizo lapadera pa kuwerenga kumayambiriro kwa teremu yachiwiri. Dandaulo lawo linali lakuti m'kalasi amayankha mokweza limodzi ndi anzake, tchati cha maphatikizo amachinena chonse osaphonya, koma akamuitana yekha n'kumulozera mawu amodzi, amangoti zii, maso ali pankhope ya aphunzitsi kudikira kuti milomo yawo imuuze yankho. Amayi ake atauzidwa sanamvetse. Anati, "Komatu amawerenga, aphunzitsi. Madzulo aliwonse amatsegula buku n'kunena tsamba lonse."

Onse awiri ankanena zoona. Mwanayu ankatha kunena tsamba lonse, ndipo sankatha kuwerenga. Ana oterewa amabisala mosavuta m'kalasi yaikulu chifukwa mayankho a onse pamodzi amawaphimba. Amene akudziwa amayamba, osadziwa amatsatira pambuyo pang'ono chabe, ndipo khutu la mphunzitsi limamva ngati onse ayankhira limodzi.

Kuyeza

Tisanakhudze za malembo tinaona kaye zinthu zitatu zimene zimasokoneza kuwerenga koma si vuto la kuwerenga. Makutu: mawu onong'onezedwa kumbuyo kwake ankawabwereza bwinobwino mbali zonse ziwiri. Maso: sankayandikitsa buku kumaso, sankatsinzinira poyang'ana pa bolodi. Kujomba: kaundula anaonetsa kuti amabwera kusukulu pafupifupi tsiku lililonse. Chiyankhulo cha kunyumba n'chomwecho chimene akuphunzirira kuwerenga.

Kenaka anayesedwa payekha, pamalo opanda phokoso, ndi timayeso tisanu, kalikonse kosapitirira mphindi imodzi kapena ziwiri. Kayesedwe kake n'kofanana ndi ka EGRA, njira imene bungwe la RTI International linakonza mu 2006 yoyezera ana a makalasi oyambirira.

Poyamba panalibe pepala. Anauzidwa kuti aombe m'manja potchula mawu oti kalata, ndipo anaomba katatu molondola. Atafunsidwa liwu loyamba m'mawu oti moto, anayankha kuti "mo". M'mawu oti lima anati "li". Ankamva phatikizo ngati chinthu chimodzi chosagawika. Kwa mwana amene sanaphunzitsidwe kugawa, izi si zachilendo, chifukwa poyankhula palibe amene amatchula konsonanti payokha.

Kachiwiri anapatsidwa malembo osakanizidwa. Ambiri ankawadziwa, koma ndi mayina a Chingerezi a m'nyimbo ya alifabeti: m ankati "emu", l ankati "elo". Mavawelo ankawasokoneza, ndipo kasokonezedwe kake kanali ndi dongosolo. Lembo la e ankalitcha "i", la a nthawi zina ankalitcha "e". Gwero lake ndi mayina omwewo, pakuti dzina la Chingerezi la e limamveka ngati i wa Chichewa. Mwana amene m'mutu mwake m ndi "emu" ndipo e ndi "i" alibe njira yopezera phatikizo loti me, ngakhale atayesetsa chotani.

Kachitatu ndi kamene kanaulula zonse. Mzere wa ma me mi mo mu anaunena mothamanga. Makadi omwewo atasakanizidwa, n'kumulozera mo, milomo yake inayamba kugwedezeka chamumtima: ankayambira pa ma, n'kumakwera mpaka afike pomwe akuganiza kuti khadilo limakhala pa tchati. Nthawi zina ankaima pa mi, nthawi zina pa mo. Sankayang'ana vawelo ayi. Ankakumbukira malo a phatikizo mu mzere.

Kachinayi anali mawu opanda tanthauzo monga kemo, nuli ndi lomi. Mawu oterewa amakwiyitsa aphunzitsi ena, amati n'kuphunzitsa ana zopanda pake. Koma sawerengedwa kuti aphunzitsidwe. Ntchito yake ndi kutseka njira ya kuloweza, chifukwa mwana sangakumbukire mawu amene sanawamvepo. Ku England, mayeso a maliwu amene ana amapatsidwa kuyambira mu 2012 ali ndi mawu 40, theka lake ndi oterewa. Mwanayu sanawerengeko ngakhale amodzi.

Kachisanu anawerengeredwa nkhani yaifupi imene sanaimvepo n'kufunsidwa mafunso. Anayankha onse, ngakhale ofuna kuganiza, monga chifukwa chimene mtengambali anachitira zimene anachita.

Pomaliza anapatsidwa buku lake la m'kalasi. Ananena tsamba lonse, chala chikuyenda pansi pa mizere, koma chala chinafika kumapeto iye akadali pakati pa chiganizo. Chithunzi chitaphimbidwa ndi pepala n'kumulozera mawu omaliza a tsambalo, anakhala chete.

Tanthauzo la zotsatirazi

Mu 1986 Philip Gough ndi William Tunmer anafotokoza kuti kumvetsa zimene munthu akuwerenga kumachokera ku maluso awiri ochulukitsana: kutha kusandutsa malembo kukhala mawu, ndi kumvetsa chiyankhulo chikamayankhulidwa. Poti n'kuchulukitsa, luso limodzi likakhala ziro, zotsatira zake ndi ziro ngakhale linalo likhale lalikulu. Mwanayu luso lachiwirilo anali nalo lokwanira. Ndipo nzeru zake zoloweza ndi zomvetsa nkhani ndi zimene zinabisa vutolo chaka chathunthu.

Panalibe chifukwa chodikira kuti mwina akula nazo. Chichewa chimalembedwa pafupifupi monga chimatchulidwira, ndipo phatikizo lake limathera ndi vawelo kupatula m woima payekha. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa mu 2003 anaonetsa kuti ana ophunzira ziyankhulo zolembedwa motere, monga Chifinishi, Chigiriki ndi Chitaliyana, amawerenga molondola mawu oposa 90 pa 100 aliwonse pomatha chaka choyamba, pamene ana ophunzira Chingerezi ankawerenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho mwana wa chaka chachiwiri amene sakulumikiza konsonanti ndi vawelo m'chiyankhulo ngati chathuchi watsalira kale, ndipo kawirikawiri chimene chikusowa ndi chiphunzitso, osati nzeru.

Phunziro la maliwu

Anaikidwa m'gulu la ana 6 a vuto lofanana. Gulu limakumana masiku 4 pa sabata, mphindi 25 pa tsiku. Kupitirira mphindi 30 ana a msinkhu uwu amatopa n'kubwerera ku kulota mayankho. Mphindizo zimagawidwa motere: 2 za khutu lokha, 3 zobwereza makadi akale, 5 za lembo latsopano, 6 zolumikiza, 5 zolemba zimene mphunzitsi akutchula, ndi 4 zowerenga ziganizo.

Zipangizo ndi makadi a pepala lolimba, masentimita 8 mbali zonse, lembo limodzi laling'ono pa khadi lililonse, makonsonanti akuda, mavawelo ofiira. Pa khadi pasakhale chithunzi. Mwana aliyense akhale ndi sileti kapena kope, ndi timiyala tinayi towerengera maliwu. Kalembedwe ka a ndi g pa makadi kafanane ndi ka m'buku limene mwana adzawerenge, kapena aonetsedwe mitundu yonse iwiri, popeza a wolembedwa pamanja ndi a wosindikizidwa amaoneka ngati malembo awiri osiyana kwa mwana woyamba kumene.

Malembo oyamba anali a, m, i, l, u, k. Otsatira anali n, o, t, e. Dongosolo la alifabeti silinatsatidwe chifukwa a, b, c, d sapanga mawu okwanira, ndiponso amaika b ndi d moyandikana. Malembo 6 oyambawo amapezeka kwambiri m'Chichewa ndipo amapanga kale mawu monga lima, luma, luka, kula, ali, ulimi ndi kalulu. Lembo la n linachedwetsedwa dala kuti litalikirane ndi m, ndipo e anabwera kumapeto kuti i ayambe wakhazikika. Sabata iliyonse ankaphunzira malembo awiri, osaposa atatu.

Chovuta kwambiri pa gawoli chili pakamwa pa mphunzitsi. Popeza tinazolowera kuti konsonanti imatsatidwa ndi vawelo, ambirife tikati titchule m timati "mu", tikati titchule k timati "ku" kapena "ka". Mwana wophunzitsidwa choncho akaona kula amati "ku-u-lu-a", n'kusochera. Liwu la m litchulidwe milomo ili yotseka, mmm, osatsegula pakamwa pomaliza. La l lilime likhale pa nkhama za mano akumwamba, lll. La k ndi la t ndi aafupi, ongodula, opanda mawu a kukhosi. Mphunzitsi agwire pakhosi pake potchula k: akamva kunjenjemera ndiye kuti wawonjezerapo vawelo.

Kulumikiza kunayambira pa maliwu otalikitsika, m ndi l, chifukwa amalola kuti liwu lisaduke. Mphunzitsi amaika khadi la m kumanzere, la a kumanja patali pang'ono, n'kumakokera la m pang'onopang'ono uku akuti mmmm, ndipo makadi akagundana liwu limasanduka mmmaaa popanda kupuma pakati. Kenaka amati, "Tsopano mwachangu," ana n'kuti ma. Kupuma pakati pa maliwu ndi kumene kumagwetsa ana ambiri, chifukwa pofika pa liwu lachiwiri loyamba lija amakhala ataliiwala. Maliwu odula monga k anabwera ana atagwira kale njirayi, ndipo ankauzidwa kuti, "Konza pakamwa pa k, usatulutse, yang'ana vawelo, tsopano tulutsa zonse pamodzi."

Ntchito iliyonse inkayenda magawo atatu: mphunzitsi achite yekha, achite limodzi ndi ana, kenaka mwana aliyense achite payekha. Gawo lachitatuli ndi limene limadumphidwa nthawi ikachepa, ndipo ndi lokhalo limene limaonetsa amene wadziwa.

Lamulo limodzi linasungidwa mosaphonya: mzere wa ma me mi mo mu sunanenedwenso m'gululi. Mavawelo ankasinthidwa mosatsata dongosolo, mu, ma, mi, ma, mu. Nthawi zambiri vawelo inkasiyidwa pomwepo n'kumasintha konsonanti, la, ka, ma, chifukwa palibe nyimbo imene mwana anailoweza ya mzere umenewo. Kenaka kunabwera unyolo wa mawu, kusintha khadi limodzi lokha nthawi iliyonse: lima, luma, luka. Pa luka makonsonanti ankasinthanitsidwa malo kuti akhale kula. Mawu awiriwa ali ndi malembo omwewo, ndipo mwana woyang'ana maonekedwe okha a mawu amagwidwa pomwepo.

Mwana akalakwitsa, mphunzitsi amadikira masekondi atatu, n'kuloza lembo lenilenilo limene laphonyedwa: "Liwu ili ndi liti?" Akalephera, mphunzitsi amalitchula, amatchulira limodzi, mwana amatchula yekha, n'kuwerenganso mawu onse kuyambira poyamba. Khadilo limabwezedwa pakati pa mulu kuti lionekenso pakadutsa makadi atatu. Mawu oti "tayang'ana chithunzi" kapena "taganiza, angakhale mawu anji" sankanenedwa, chifukwa amenewo ndi amene amalimbikitsa chizolowezi chimene tikuchotsa.

Kulemba sikunasiyidwe kuti kudzabwere pambuyo. Mphunzitsi amatchula luma, ana amabwereza, amakankha kamwala kamodzi pa liwu lililonse, timiyala tinayi, kenaka n'kulemba. Pa bolodi pasakhale mawuwo. Kukopera pa bolodi kumaphunzitsa dzanja, koma sikukakamiza mwana kugawa mawu m'mutu mwake.

Sabata ziwiri zoyambirira mwanayu ankaoneka ngati wabwerera m'mbuyo. Amene ankanena tsamba lonse mosadodoma tsopano ankatha masekondi angapo pa mawu a malembo anayi, ndipo tsiku lina anakana kuwerenga, nati makadi ndi a ana a Sitandade 1. Makolo ayenera kuchenjezedwa za nyengo imeneyi isanafike, apo ayi amaganiza kuti gululo likumuwononga mwana n'kumuchotsamo. Kusintha kunaoneka pamene anawerenga mawu oti muli atatembenuzidwa kukhala limu, mawu opanda tanthauzo, n'kuseka, nati, "Aphunzitsi, amenewa si mawu." Kuti adziwe kuti si mawu, anayenera kuwawerenga kaye.

Vuto lotsatira linali kutalika kwa mawu. Mneni wa Chichewa amanyamula zambiri: akumulamula ali ndi maphatikizo 6, onse a malembo amene mwanayu ankawadziwa, koma pofika pa la anali ataiwala aku. Njira yake ndi kuphimba mawuwo ndi khadi n'kumavundukula phatikizo limodzilimodzi, mwana akubwereza kuyambira poyamba: a, aku, akumu, akumula, mpaka kumapeto. Palinso china. Poyankhula timakoka pang'ono phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene mwana wowerenga phatikizo lililonse payekha amawatchula onse mofanana, ndiye mawu amene amawadziwa bwino amamveka achilendo m'khutu mwake. Akamaliza kulumikiza auzidwe kuti, "Tsopano nena monga timayankhulira." Nthawi zambiri nkhope imasintha pomwepo, chifukwa ndi pamene wawazindikira mawuwo.

Nthano

Wina angafunse kuti mwana amene amamvetsa kale nkhani akufuniranji nthano. Yankho lili mu kafukufuku amene anthu okonda maliwu amamutchula kwambiri. Ku Clackmannanshire, m'dziko la Scotland, Rhona Johnston ndi Joyce Watson anatsatira ana pafupifupi 300 kwa zaka 7, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 2005. Pomaliza pulayimale anawo anali patsogolo ndi zaka zitatu ndi theka pa kuwerenga mawu poyerekeza ndi msinkhu wawo, koma pa kumvetsa nkhani anali patsogolo ndi miyezi itatu ndi theka yokha. Maliwu amatsegula chitseko cha mawu, koma sapatsa mwana mawu atsopano kapena luso lotsatira nkhani yaitali. Mu 2000 gulu la National Reading Panel ku America linaikanso mawu atsopano ndi kumvetsa nkhani pa mndandanda wa zinthu zisanu zofunika, pamodzi ndi kumva maliwu, kulumikiza maliwu ndi malembo, ndi kuwerenga mosadodoma.

Pali chifukwa chinanso. Ziganizo zimene mwana angawerenge ndi malembo 6 n'zosauka. "Kalulu akulima" si nkhani yoti mwana wa zaka 8 n'kuikonda. Kwa miyezi ingapo zimene angawerenge yekha zimakhala kutali pansi pa zimene angamvetse, ndipo nthano ndi imene imadyetsa mbali inayo pa nthawi imeneyi.

Nthano inali ya kalasi yonse, mphindi 15, masiku atatu pa sabata, pa nthawi yosiyana ndi ya maliwu. Kusakaniza ziwirizi kumaononga zonse. Mphunzitsi akamaimitsa nthano kuti afunse liwu loyamba la dzina la mtengambali, ana amataya ulusi wa nkhani. Ndipo nthano ikaikidwa m'phunziro la maliwu imadya mphindi zolumikiza, popeza ndi yokoma kwa ana ndi kwa mphunzitsi yemwe.

Nthano yoyenera ndi ya mphindi 3 mpaka 5, ya atengambali osaposa anayi, yokhala ndi vuto loonekeratu, kuyesa kulithetsa kawiri kapena katatu, ndi mathero. Imodzi imakhala sabata yonse. Tsiku loyamba mphunzitsi amaikamba pamtima, osagwira buku, kuti maso ake akhale pa ana. Amaima kawiri pamalo pamene zinthu zatsala pang'ono kusintha n'kufunsa kuti, "Ana inu, mukuganiza kuti achita chiyani? Chifukwa chiyani?" Ana amayamba auzana awiriawiri, kenaka awiri kapena atatu n'kuuza kalasi. Tsiku lachiwiri amaiwerenga kuchokera pa pepala kuti ana amve chiyankhulo cholembedwa, chimene ziganizo zake n'zazitali kuposa zoyankhula, ndipo amaphunzitsa mawu atsopano atatu, osaposa. Mawu aliwonse amawamasulira m'chiganizo chimodzi chosavuta, amawaonetsa ndi thupi ngati n'kotheka, ndipo ana amawagwiritsa ntchito m'chiganizo chosakhudza nthanoyo. Tsiku lachitatu ana amaikamba okha potsatira zala zisanu: ndani, kuti, vuto linali chiyani, anayesa chiyani, zinatha bwanji.

Mafunso ndi amene amasiyanitsa nthano yophunzitsa ndi yongosangalatsa. Grover Whitehurst ndi anzake anaonetsa mu 1988 kuti ana aang'ono amapindula pa chiyankhulo wamkulu akamawafunsa mafunso otseguka n'kumawonjezera pa mayankho awo, kusiyana ndi kungowawerengera. Mwana akati "anathawa", mphunzitsi azibweza kuti, "Eya, anathawa chifukwa anaona moto ukuyandikira. Ukanakhala iwe ukanatani?" Mafunso oyankha kuti inde kapena ayi, ndi ofunsa mtundu wa malaya, achepe.

Pamene maliwu ndi nthano zimakumana ndi pa kapepala kamene mphunzitsi amalemba kuchokera mu nthano ya sabatayo, pogwiritsa ntchito malembo okhawo amene gulu laphunzira. Nthano ina inali ya kalulu amene amalume ake anamutuma kukapereka kalata, iye n'kuitaya pothawa moto wolusa. Gulu litafika pa malembo 10, kapepala kake kanali kotere:

Amalume atuma kalulu. Kalulu akuona moto. Kalulu aima. Kalata ili kuti? Ana aitola.

Malembo aakulu a A ndi K ndi chizindikiro cha funso anaphunzitsidwa tsiku lomwelo asanapatsidwe kapepalako. Mawu oti anathawa, amene nthanoyo imadalira, mulibe, chifukwa th ndi w anali asanafike. Mawu amodzi osawerengeka akalowa, mwana amalota, ndipo akalota n'kulondola amaphunzira kuti kulota kumagwira ntchito.

Kwa mwana ngati uyu kapepala kotere kali ndi msampha. Akakamva kawiri, wakaloweza. N'chifukwa chake mphunzitsi sankayamba ndiye kuwerenga, ndipo mwanayu sankakhala womaliza pa mzere wa owerenga. Ziganizo zinkadulidwa timizere n'kusakanizidwa, ndipo pakati pake pankalowetsedwa zina zosemphana ndi nthano, monga "Kalulu atuma amalume" kapena "Ana aona moto". Mwana amafunsidwa ngati zimenezo ndi zimene zinachitika. Wodalira kukumbukira amanena za mu nthano, wowerenga amaima n'kutsutsa.

Maphatikizo a makonsonanti angapo

Atatha malembo amodziamodzi, liwiro linatsikanso pa kh, ph, th, mb, nd, ng, ng', mw, kw ndi ena otero. Awa analembedwa pa khadi limodzi kuti aoneke ngati chinthu chimodzi. Kusiyana kwa k ndi kh kunaonetsedwa ndi kapepala kopyapyala kogwiridwa kutsogolo kwa milomo: pa kama sikagwedezeka kwenikweni, pa khama kamauluka. Chimodzimodzi kola ndi khola, tumba ndi thumba. Pa ng ndi ng' anagwiritsidwa ntchito mawu oti ngoma ndi ng'oma, mwana akuloza kachizindikiro kaja asanatchule. Maphatikizo aatali ankamangidwa powonjezera khadi limodzilimodzi, ka, kha, nkha, nkhwa, kufikira atawerenga nkhwangwa.

Zolakwa zake pano zinali ziwiri. Powerenga ankalowetsa vawelo, mbuzi n'kukhala "mubuzi", chotsalira cha "mu" uja wa chaka choyamba. Polemba ankasiya n kapena m woyamba, nkhuni n'kulemba khuni, chifukwa liwu la m'mphuno ndi lalifupi ndipo limamira mu konsonanti yotsatira. Kutsina mphuno potchula kunathandiza: pa khuni palibe chimasintha poyambira, pa nkhuni liwu limatsekeka poyambira.

M woima payekha ngati phatikizo, monga mu mtengo, mlimi ndi mkono, anaphunzitsidwa padera ndi kuomba m'manja: m-te-ngo katatu, mbu-zi kawiri. Za l ndi r sitinalimbane nazo powerenga, popeza ambiri amazitchula mofanana. Polemba anangouzidwa kuti r amakonda kubwera pambuyo pa e ndi i, monga mu lero ndi lira. Malembo a b ndi d anatalikitsidwa sabata zingapo, ndipo anaphunzitsidwa kudzera pakamwa: potchula b milomo imayamba yatsekeka ngati mzere, ndipo polemba mzere ndiwo umayamba, pamene pa d pakamwa pamayamba potseguka ndipo chozungulira ndicho chimayamba.

Kuwerenga mosadodoma ndi kunyumba

Atayamba kulondola, anayamba kuwerenga kankhani kamodzi katatu motsatizana kwa mnzake, ndipo kamodzi pa sabata ankayesedwa mphindi imodzi pa kankhani kamene sanakaonepo. Chiwerengero cha mawu pa mphindi chisayerekezedwe ndi miyeso ya Chingerezi. Sindinamuone ndi mawu amodzi kwa ife, pamene Chingerezi chimafuna mawu asanu kunena zomwezo. Mwana ayerekezedwe ndi zimene iye mwini anachita sabata zapitazo, ndipo pambuyo pa mphindiyo afunsidwe mafunso awiri, kuti asaphunzire kuthamanga osamva.

Amayi ake anapatsidwa envelopu ya makadi ndi malangizo atatu: mphindi 10 zokha pa tsiku, asakanize makadi nthawi iliyonse, ndipo asamuwerengere kapepala iye asanayese. Anapemphedwanso kuti azimukambira nkhani iliyonse imene akuidziwa n'kumamufunsa chifukwa chimene zinthu zinachitikira choncho. Mbali imeneyi sifuna kuti kholo lidziwe kuwerenga.

Pomwe wafika

Pomatha teremu mwanayu ankawerenga mawu opanda tanthauzo a maphatikizo awiri ndi atatu, ndiponso kankhani kachilendo kopanda chithunzi, pang'onopang'ono koma molondola, n'kuyankha mafunso ake. Akatopa amasinthabe b ndi d, ndipo polemba amasiyabe n patsogolo pa kh ndi th. Akhalabe m'gulu masiku awiri pa sabata teremu ikubwerayi, makamaka pa kulemba ndi pa maphatikizo a ts, dz, ps ndi bz amene sanafikidwe.

Aphunzitsi a kalasi yake analangizidwa kuti adule tchati cha maphatikizo kuti chikhale makadi, ndipo tsiku lililonse azimva ana asanu payekhapayekha, maphatikizo asanu osakanizidwa mwana aliyense, n'kulemba zotsatira pa kaundula. Kalasi ya ana 60 imatha m'masiku 12 a sukulu.

Mwa ana 6 a m'gululi, mnyamata mmodzi sanasunthe ngati anzake. Iye amalephera kusiyanitsa kama ndi khama ngakhale ndi khutu lokha, popanda lembo, ndipo amatembenuzira mutu mbali imodzi akamamvetsera. Makolo ake alemberedwa kalata yoti apite naye kuchipatala akamuyeze makutu, ndipo pakali pano wasunthidwira kutsogolo, kumene angaone milomo ya aphunzitsi.